Simba, Mose ndi mwana wolowerera: kodi Chikhristu cha m'makatuni a ubwana wathu chimachokera kuti?

Ana amene anaonera The Lion King m'zaka za m'ma 1990 lero ndi makolo, ena ndi aphunzitsi a Sande sukulu, ena ndi abusa. Ku Malawi, kumene wailesi ya kanema ya boma inayamba mu 1999, ambiri anaionera pa tepi ya vidiyo kwa achibale kapena kwa aneba. Filimuyi siinaiwalike. Inapangidwanso mu 2019, ndipo mu Disembala 2024 kunatuluka ina yofotokoza ubwana wa Mufasa, patangotha miyezi itatu chimwalirireni James Earl Jones, amene ankayankhula m'malo mwa mfumu ya mikangoyo.

Munthu akaioneranso atakula, amaona zimene sanazione ali mwana. Nyani wokalamba akupaka khanda la mkango madzi a chipatso pamphumi, n'kulikweza m'mwamba, kuwala n'kutsika kuchokera m'mitambo. Mwana wa mfumu, Simba, akuthawira kuchipululu atasenza mlandu wa imfa. Patapita zaka, mawu a bambo ake akumveka kumwamba, kumukumbutsa kuti ndi mwana wawo ndipo abwerere kwawo. Wokulira m'tchalitchi sangalephere kukumbuka ubatizo, Mose, ngakhale mwana wolowerera.

Apa ndi pamene anthu amasiyana. Ena amati filimuyi ndi Uthenga Wabwino wovala chikopa cha mkango. Ena amati ayi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, chifukwa akufa akuyankhula ndi amoyo ndipo sing'anga akuombeza. Ena amangoti ndi katuni ya ana, tisaisenzetse katundu amene si wake. Nthawi zambiri anthuwa satsutsana pa funso limodzi. Mawu akuti "muli Chikhristu mufilimuyi" angatanthauze zinthu zingapo zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mbiri yake komanso njira yake yochiyesera.

Zimene opanga filimu ankafuna

Tanthauzo loyamba ndi la cholinga: kuti olemba ndi ojambula anaikamo za m'Baibulo mwadala. Pa The Lion King umboni ulipo ndithu. Filimuyi inatuluka mu Juni 1994 motsogoleredwa ndi Roger Allers ndi Rob Minkoff, ndipo opanga ake ananena okha kuti poluka nkhaniyi ankayang'ana moyo wa Yosefe ndi wa Mose, komanso sewero la Hamlet la William Shakespeare. Christopher Vogler, yemwe ankathandiza kukonza nkhani ku Disney, analemba m'buku lake kuti anapereka maganizo oti mwambo woonetsa khanda ufanane ndi ubatizo kapena kudzozedwa kwa mfumu. Kuwala kotsika m'mitambo kuja akuti anakutengera ku matchalitchi a Katolika amene anakuliramo, mmene dzuwa limalowera pa mazenera a magalasi amitundumitundu n'kugwera paguwa. Choncho amene waona ubatizo pachiyambi pa filimuyi sakulota.

Koma kubwereka chithunzi n'kosiyana ndi kulalikira. Kusiyanaku kumaoneka bwino tikaiyerekeza ndi The Prince of Egypt ya 1998, katuni ya moyo wa Mose. Anthu ena ofunika anali omwewo: Brenda Chapman, amene ankatsogolera okonza nkhani ya Simba, anali mmodzi mwa atatu otsogolera filimu ya Moseyi, Hans Zimmer anapeka nyimbo m'mafilimu onse awiri, ndipo Jeffrey Katzenberg anachoka ku Disney mu 1994 n'kukayambitsa nawo DreamWorks imene inaipanga. Koma iyi imanena poyera, isanayambe n'komwe, kuti yachokera m'buku la Eksodo, ndipo opanga ake anafunsira nzeru kwa akatswiri a Chiyuda, Chikhristu ndi Chisilamu. Ngakhale zinali choncho, ku Malaysia ndi ku Maldives inaletsedwa chifukwa chojambula mneneri.

Taganizirani zitenje ziwiri. China chasindikizidwa ndi mpingo pa chikondwerero chake, chili ndi mtanda, vesi ndi chaka. China ndi cha pamsika, ndipo mizere yake yangopingasana. Pa zonse ziwiri diso limaona mtanda, koma chimodzi chokha ndicho chinapangidwa kuti chinene za mtanda. The Lion King ili pakatikati: wosindikiza anakopera maonekedwe ena kutchalitchi, koma nsaluyo anaipangira msika wa aliyense.

Kodi cholinga cha wopanga ndicho chimalamula tanthauzo? Akatswiri a zolembalemba akhala akukangana pa mfundoyi. Mu 1946, W. K. Wimsatt ndi Monroe Beardsley analemba kuti ndakatulo iziweruzidwa ndi zimene zili m'mawu ake, osati zimene mlembi anali nazo mumtima, ndipo mu 1967 Roland Barthes anapitiriza ponena kuti tanthauzo limabadwira mwa wowerenga. Akhristu ambiri anaphunzitsidwa mosiyana, kuti powerenga Baibulo uziyamba wafunsa chimene mlembi ankatanthauza, ndipo chizolowezichi amapita nacho ku filimu. Vuto ndi lakuti katuni imapangidwa ndi anthu mazanamazana. Lebo M wa ku Soweto anaikamo mawu a Chizulu amene amatsegula filimuyi. Zimmer ananena kuti nyimbo ya imfa ya Mufasa inasanduka nyimbo yolirira bambo ake omubereka, amene anamwalira iye ali ndi zaka 6. Cholinga cha ndani pa onsewa ndicho cholinga cha filimu?

Fanizo: ichi chikuimira chakuti

Tanthauzo lachiwiri ndi lakuti nkhani yonse ndi fanizo, ndipo munthu aliyense kapena chinthu chilichonse m'nkhanimo chikuimira china chake. Chitsanzo chodziwika ndi fanizo la wofesa mbewu pa Marko 4, limene Yesu analimasulira yekha: mbewu ndi mawu, mbalame ndi Satana, minga ndi nkhawa za moyo uno ndi chinyengo cha chuma. Paulo nayenso pa Agalatiya 4 anawerenga nkhani ya Hagara ndi Sara ngati fanizo la mapangano awiri.

Njira imeneyi inakula kwambiri kumpoto kwa Africa. Origen wa ku Alexandria, amene anamwalira cha m'ma 253, ankaphunzitsa kuti pansi pa nkhani yooneka ya m'Malemba pali tanthauzo lauzimu. Augustine wa ku Hippo anamasulira fanizo la Msamariya wachifundo kachidutswa ndi kachidutswa: wovulazidwa ndi Adamu, achifwamba ndi mdyerekezi ndi angelo ake, Msamariya ndi Khristu, nyumba ya alendo ndi Mpingo, ndipo mwini nyumbayo ndi mtumwi Paulo. Aphunzitsi a ku Antioch, monga Theodore wa ku Mopsuestia, sankagwirizana ndi kawerengedwe kotere. Ankaopa kuti munthu akazolowera kuona tanthauzo lobisika paliponse, amayamba kuikamo zake m'malo motolamo zimene zilimo. Mkangano wa lero pa makatuni ndi womwewu, wangosintha malo.

Pali mabuku amene analembedwa dala ngati fanizo. La John Bunyan la 1678, lonena za ulendo wa munthu wotchedwa Christian kupita ku mzinda wakumwamba, ndilo lodziwika kwambiri, ndipo amishonale analimasulira m'zinenero zambiri za mu Africa. M'menemo mayina enieniwo amakuuzani chimene munthu akuimira. C. S. Lewis, amene nkhani yake ya mkango Aslan inatuluka mu 1950 n'kupangidwa katuni mu 1979, ankakana kuti zimene analemba ndi fanizo la mtundu umenewu. M'kalata ya mu 1958 anafotokoza kuti Aslan ndi yankho la funso longoyerekeza: kukanakhala dziko la nyama zoyankhula, ndipo Khristu n'kusankha kubadwa, kufa ndi kuuka m'dzikolo, akanaoneka bwanji? Mnzake J. R. R. Tolkien, Mkatolika wodzipereka, ananena poyera kuti fanizo lotere salikonda. Anasiyanitsa nkhani imene mlembi amalamula wowerenga chimene aone, ndi nkhani imene wowerenga ali ndi ufulu woigwirizanitsa ndi moyo wake.

Tikayesa The Lion King ngati fanizo lathunthu, imayamba bwino koma siifika patali. Ngati Mufasa ndi Mulungu Atate, bwanji akuvomereza kwa mwana wake kuti anachita mantha, ndipo bwanji akuphedwa ndi mng'ono wake? Ngati Simba ndi Yesu, bwanji akusamvera, akuthawa udindo n'kukhala zaka akungodya ndi kugona? Scar, mng'ono wa Mufasayo, yekha ndiye amakwana bwino: wabodza, wakupha m'bale wake ngati Kaini, woneneza amene amasenzetsa mwana mlandu kuti amuthamangitse, zofanana ndi zimene Yohane 8:44 ndi Chivumbulutso 12:10 amanena za mdyerekezi. Ngakhale mkango weniweniwo sutithandiza kugamula. Pa Chivumbulutso 5:5 mkango wa fuko la Yuda ndi Khristu, koma pa 1 Petro 5:8 wobangula ngati mkango ndi mdani.

Mthunzi wa Khristu

Tanthauzo lachitatu ndi lofewerapo, ndipo ambiri amene amasangalala ndi zimene apeza m'makatuni amakhala akunena limeneli, ngakhale osadziwa. Silinena kuti Simba ndi Yesu kapena Mose. Limangonena kuti moyo wake uli ndi maonekedwe amene amakumbutsa iwowo.

Maziko ake ali m'Chipangano Chatsopano. Pa Aroma 5:14 Adamu akutchedwa chifaniziro cha wakudzayo. Pa Yohane 3:14 njoka imene Mose anaikweza m'chipululu ikuloza ku kukwezedwa kwa Mwana wa Munthu, ndipo pa Mateyu 12:40 masiku atatu a Yona m'mimba mwa chinsomba akuloza kumanda. Akolose 2:17 ndi Ahebri 10:1 amagwiritsa ntchito mawu akuti mthunzi. Kusiyana kwake ndi fanizo n'kwakuti Yona sasiya kukhala Yona, mneneri wouma khosi amene anathawa ntchito. Amafanana ndi Khristu pa mfundo imodzi n'kusiyana naye pa zina zonse.

Akatswiri a zaumulungu ndi mafilimu anabwereka kaganizidwe kameneka. Lloyd Baugh, wansembe wa Chijezwiti, m'buku lake la 1997 anasiyanitsa filimu yosewera moyo wa Yesu weniweni ndi filimu imene munthu wina amangoyenda m'mapazi ake. Pa makatuni, chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi The Iron Giant ya 1999, ya Brad Bird. Chimphona chachitsulo chochokera kumwamba chikuopedwa ndi kusakidwa ndi anthu, kenako chikudzipereka kugundana ndi bomba kuti chipulumutse tauni ya anthu omwewo, ndipo pomaliza zidutswa zake zikuyamba kusonkhananso. Mu 2004 Anton Karl Kozlovic anandandalika zizindikiro 25 zozindikirira munthu wotere mufilimu, monga kutambasula manja ngati ali pamtanda, kuperekedwa ndi mnzake, kufa ndi kuuka. Christopher Deacy anamuyankha kuti kusaka zizindikiro motere kumapeputsa filimu ndi Khristu yemwe, chifukwa pafupifupi ngwazi iliyonse ingakwane.

Pa Simba, mthunzi womveka kwambiri ndi wa Mose. Onse awiri akukulira kunyumba yachifumu, akuthawa chifukwa cha imfa ya munthu, akukhala moyo wachete kudziko lachilendo, akuitanidwa ndi mawu ochokera kumwamba, akuyamba akana, kenako akubwerera kukapulumutsa anthu awo. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 nayenso alimo: ali kutali ndi kwawo, akudya zosayenera mwana wa mfumu, ndipo mnzake wapamtima ndi njiri.

Koma pali kusiyana kumene, mwa kuona kwanga, n'kofunika kuposa kufanana konseku. Mose anaphadi munthu wa ku Igupto, monga Eksodo 2 ikunenera. Mwana wolowerera anamwazadi chuma cha bambo ake. Simba sanaphe Mufasa, anangonamizidwa. Chimene chikumumasula pamapeto ndi kuulula kwa Scar kuti wakupha anali iyeyo. Mwana wolowerera akusowa chikhululukiro, pamene Simba akusowa choonadi. Amene amati filimuyi ndi Uthenga Wabwino ayenera kuvomereza kuti chimake cha uthengawo, choti wolakwa weniweni akulandiridwa mwachisomo, mulibemo. Amene amati mulibe kanthu ka Chikhristu ayeneranso kuvomereza kuti kumasulidwa ku mlandu wabodza, ndi kukumbutsidwa kuti ndiwe mwana wa ndani, si nkhani yachilendo m'Malemba.

Kuona mthunzi wa Khristu m'nkhani imene siinachokere m'Baibulo sikunayambe ndi mafilimu, ndipo si kwachilendo kwathu kuno. Matthew Schoffeleers, wansembe amene anafufuza kwa zaka zambiri za Mbona ndi kachisi wa Khulubvi ku Nsanje, analemba za anthu a m'chigwa cha Shire amene ankafanizira Mbona ndi Yesu, monga wosalakwa wophedwa ndi adani amene imfa yake inabweretsera anthu moyo.

Njira imodzi ya ngwazi zambiri

Pali kufotokoza kwina kumene sikudutsa kutchalitchi. Mu 1949 Joseph Campbell anatulutsa buku lonena kuti nthano za mitundu yambiri zimatsata njira imodzi: ngwazi ichoka kwawo, iyesedwa, ikumana ndi mlangizi, idutsa pafupi ndi imfa, kenako ibwerera ndi dalitso la anthu ake. Vogler uja anafupikitsa maganizowa m'kalata ya masamba 7 imene inazungulira ku Disney m'ma 1980. Motero Simba akhoza kufanana ndi Mose chifukwa chakuti onse akuyenda m'njira yakale imeneyi. M'njira yomweyo muli Hamlet, amene bambo ake aang'ono anapha mfumu n'kulanda ufumu, ndipo muli Sundiata Keita wa ku Mali, amene anathawitsidwa kwawo ali mnyamata n'kubwerera kudzakhazikitsa ufumu m'zaka za m'ma 1200.

Mfundoyi imakokedwera mbali ziwiri. Kwa ena ikusonyeza kuti nkhani ya Yesu ndi imodzi chabe mwa nthano zambiri zofanana. Lewis ankaganiza choncho asanakhale Mkhristu, mpaka usiku wina mu Seputembala 1931 pamene anacheza nthawi yaitali ndi Tolkien ndi Hugo Dyson ku Oxford. Pambuyo pake anayamba kunena kuti nkhani ya Khristu imagwira mtima ngati nthano zinazo, kusiyana kwake n'kwakuti iyo inachitikadi, ndipo zinazo ndi zizindikiro za njala imene Mulungu anaika mwa anthu onse. Akatswiri ambiri a nthano amatsutsanso Campbell yemweyo, kuti ankasankha nthano zomukomera n'kusalaza kusiyana kwa mitundu.

Mufasa m'mitambo: Mulungu, mzukwa kapena mzimu wa kholo?

Gawo limene limagawanitsa kwambiri Akhristu a mu Africa ndi limene Simba akuona nkhope ya bambo ake m'madzi, kenako m'mitambo. Kumayambiriro Mufasa anali atamuuza kuti mafumu akale amayang'ana pansi ali m'nyenyezi, ndipo adzamutsogolera. Rafiki, nyani wokalamba uja, akumuuza kuti bambo ake ali moyo mwa iye.

Mlaliki wa ku America akaona gawoli amakumbuka chitsamba choyaka moto pa Eksodo 3, kapena mawu ochokera kumwamba pa ubatizo wa Yesu pa Mateyu 3:17. Wophunzira Shakespeare amaona mzukwa wa bambo ake a Hamlet ukutuma mwana wake. Koma munthu wokulira kumudzi kwathu saona fanizo lililonse. Amaona chinthu chimene amachidziwa dzina lake: kholo lomwalira labwera kudzadzudzula mwana amene wataya mwambo ndi udindo wa pabanja. Pakati pa Ashona a ku Zimbabwe, mizimu ya mafumu akale, imene amaitcha mhondoro, imakhulupiriridwa kuti imakhala m'mikango. Ngakhale chilala chimene chikugwa Scar atalanda ufumu, ndi mvula imene ikubwera Simba atabwerera, zimamveka mbali zonse. M'chikhulupiriro cha makolo mvula imakanika dziko likadetsedwa, ndipo pa 1 Mafumu 17 ndi 18 mvula ikuleka m'masiku a Ahabu mpaka Eliya atagonjetsa aneneri a Baala. Pamene nkhaniyi inasandutsidwa sewero la pa siteji ku New York mu 1997, Julie Taymor anasintha Rafiki kukhala mkazi wofanana ndi sangoma, ndipo woyamba kusewera mbaliyo anali Tsidii Le Loka wobadwira ku Lesotho.

Akhristu amene amakana gawoli ali ndi malemba awo. Deuteronomo 18:10-12 imaletsa kufunsira kwa akufa, ndipo Sauli pa 1 Samueli 28 akudzutsa Samueli ku Endori ufumu wake uli pafupi kutha. Amadandaula kuti mwana amene akuphunzitsidwa kunyumba kuti asatsire nsembe kwa mizimu akuona chinthu chomwecho chitakongoletsedwa ndi nyimbo. Amene savutika nalo amatchula mtambo wa mboni wa pa Ahebri 12:1, ndiponso Mose ndi Eliya akuonekera paphiri pa Mateyu 17. Amawonjezera kuti Simba sanapite kukaombeza kapena kuitana bambo ake ndi nsembe.

Kumbuyo kwa kusiyanaku kuli mkangano wa zaumulungu umene watenga zaka zoposa 50. John Mbiti wa ku Kenya, m'buku lake la 1969, anafotokoza kuti kwa anthu ambiri a mu Africa omwalira amene akukumbukiridwabe ndi mayina awo amakhalabe a m'banja. Charles Nyamiti wa ku Tanzania mu 1984 anatulutsa buku lofotokoza Khristu ngati kholo lathu, ndipo Bénézet Bujo wa ku Congo ankamutcha kholo loyamba la makolo onse. Ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, kumene chikhulupiriro cha Chikhristu chimajambulidwa ndi kusemedwa m'zizindikiro za Achewa, Angoni ndi Ayao. Mipingo yambiri ya chipentekoste ndi ina ya chievangeliko imaona njira imeneyi ngati kusakaniza zosayenera kusakanizidwa. Mmene munthu amaonera Mufasa m'mitambo nthawi zambiri zimatsata mbali imene anaima kale pa nkhani ya makoloyi.

Chiphunzitso cha Mufasa choti mkango ukafa umasanduka udzu, mphoyo n'kudya udzuwo, nachonso chimamveka pawiri. Chimagwirizana ndi Mlaliki 3:20, kuti zonse zichokera kufumbi ndi kubwerera kufumbi, komanso ndi udindo wosamala chilengedwe. Koma chimaonetsa imfa ngati gawo labwino la kuzungulira kosatha, pamene 1 Akorinto 15:26 imaitcha mdani wotsiriza, ndipo Yesaya 11 akuyembekeza tsiku limene mkango udzadya udzu ngati ng'ombe.

Kodi Mkhristu atole zabwino kunja kwa mpingo?

Funsoli ndi lakale kuposa kanema. Tertullian wa ku Carthage, cha m'ma 200, anafunsa kuti Athens ali ndi chiyani ndi Yerusalemu, ndipo analemba buku loletsa Akhristu kupita ku zisudzo ndi masewera a Aroma. Justin Martyr, amene anakhalako iye asanatchuke, ankaphunzitsa kuti njere za Mawu a Mulungu zinafesedwa ngakhale mwa anzeru a Chigriki. Augustine anatenga nkhani ya Aisraeli otuluka ndi golide wa Aigupto pa Eksodo 12, n'kunena kuti choonadi chopezeka kwa akunja Mkhristu achitenge ndi kuchigwiritsa ntchito yabwino. A mbali imeneyi amakonda kutchula Paulo pa Machitidwe 17:28, akubwereza mawu a alakatuli a Chigriki polalikira ku Athens.

Mbali ziwirizi zilipobe. Mpingo wa Southern Baptist Convention ku America unanyanyala katundu wa Disney kuyambira 1997 mpaka 2005, makamaka chifukwa cha mfundo za kampaniyo pa nkhani za amuna kapena akazi okhaokha ndi mafilimu a makampani ake ena. Pa nthawi yomweyo abusa ena ankagwiritsa ntchito makatuni omwewo m'maulaliki. Mtolankhani Mark Pinsky, m'buku lake la 2004, anaona kuti makatuni a Disney amaphunzitsa makhalidwe ofanana ndi a Chiyuda ndi Chikhristu koma satchula Mulungu kawirikawiri, ndipo thandizo lochokera kumwamba limabwera mwa matsenga kapena nyenyezi.

Chodabwitsa n'chakuti vuto lomweli limapezeka ngakhale m'makatuni opangidwa ndi Akhristu. Phil Vischer, amene anayambitsa nawo VeggieTales mu 1993, anadzanena patapita zaka kuti anathera nthawi yaitali akuphunzitsa ana khalidwe la Chikhristu popanda kuwaphunzitsa Chikhristu chenichenicho. Kukhululuka, kulimba mtima ndi kudzipereka ndi zabwino, koma Msilamu, Mhindu ndi munthu wa chipembedzo cha makolo amaziphunzitsanso kwa ana awo.

Zimene sizinagamulidwe

Nkhani ya filimu ya 1994 siinasinthe. Wasintha ndi woonera, amene pakati pa kuonera koyamba ndi kwachiwiri waika maliro a kholo, wabereka, walakwa, wamva maulaliki osawerengeka. Funso loyamba lotsala lili pomwepo. Munthu wotere akalira pa imfa ya Mufasa n'kukumbuka Mulungu, kodi wapeza chinthu chimene chinali mufilimumo kale, kapena wabwera nacho yekha? Ndipo ngati wabwera nacho yekha, kodi zimenezo zikuchichepetsa? Wokhulupirira anganene kuti Mzimu amayankhula kudzera m'chilichonse. Wokayika anganene kuti kukumbukira ubwana kumafewetsa mtima, ndipo mtima wofewa umaona chimene ukufuna.

Sipanapezekenso malire ovomerezeka ndi onse a pamene kufanana kumasanduka kukakamiza. Zizindikiro zingati zikwane kuti tinene kuti ngwazi ndi mthunzi wa Khristu, ndipo kusiyana kungati kukwane kuti tisiye kunena choncho? Nanga zimene sizigwirizana ndi uthenga tizitani nazo? Mufilimuyi ufumu ndi wobadwa nawo, ndipo afisi amayamba ali kunja kwa malire, ndipo ngakhale atalowa m'dzikolo mu ulamuliro wa Scar amakhalabe ndi njala mpaka pamapeto, popanda mmodzi wopatsidwa mwayi wosintha. Otsutsa akhala akunena zimenezi kuyambira 1994. Kodi woonera amene watola ubatizo ndi mwana wolowerera ali ndi ufulu wosiya afisiwo osawatchula, pamene Yesu wa m'Mauthenga Abwino ankadya ndi okanidwa?

Pali funso la eni nkhani. Myuda akhoza kunena kuti Mose ndi wake asanakhale wa Mkhristu, Msilamu amamudziwa Musa m'Kurani, ndipo wa ku Mali amaona Sundiata. Kodi kutcha nkhani yotere ya Chikhristu n'kuilemekeza, kapena n'kuilanda kwa ena amene amadzionamonso?

Ndipo kwa kholo limene lakhala pansi ndi mwana wa zaka 7 kuonera filimuyi, funso limakhala lapafupi kwambiri. Kodi amufotokozere kuti Simba akufanana ndi Mose, kapena amusiye adzazipeze yekha akadzakula monga kholo lomwelo linachitira? Nanga mwanayo akafunsa ngati agogo ake amene anamwalira nawonso akumuyang'ana ali m'nyenyezi, amuyankhe ndi Ahebri 12, ndi Deuteronomo 18, kapena ndi zimene agogowo akanayankha?